Madeya a pachigayo: ena ndi chakudya, ena ngoyenera kutaya

Januwale akafika nkhokwe zili pululu, madeya amasiya kukhala chakudya cha nkhumba n'kulowa mumphika wa anthu. Ku Ulónguè, ku Dómuè, makamakanso ku Moatize komwe mabanja ambiri amadya za kumsika chifukwa alibe minda, madeya amapezeka m'njira zitatu: otuluka m'makina okonolera tsiku lomwelo, a m'matumba a mavenda, ndi osesa pansi pachigayo. Dzina n'limodzi, mtengo susiyana kwenikweni, koma katundu wake ngosiyana kutali.

Otuluka m'makina inu mukuona ndiwo okha amene tingawavomereze ndi mtima wonse. Muli makoko a chimanga, tizidutswa ta mphale, komanso mtima wa njere, womwe ndi wamafuta ndipo umapatsa thupi mphamvu. Vuto lake n'lakuti pokonola amawaza madzi pachimanga, ndiye madeya amatuluka achinyontho. Mukawasiya m'thumba lomanga, tsiku limodzi kapena awiri amayamba kutentha, kusasa, kenako chuku. Ayanikeni tsiku lomwelo pamphasa, osaunjika kupitirira zala ziwiri, ndipo muzitembenuza. Januwale ndi nyengo ya mvula, choncho dzuwa likakana, akazingeni pang'onopang'ono m'chiwaya pamoto wochepa mpaka asiye kumatirira m'manja. Akauma petani m'lichero kuti makoko opepuka achoke, gayitsani kapena sinjani, kenako sefani.

Nsima ya madeya okhaokha siigwirana, imanyenyeka pachipande ndipo imakanda pakhosi. Kapu imodzi ya madeya osefa pa makapu awiri a mgaiwa imapereka nsima yodyeka, ndipo ngati pali ufa wa chinangwa chovikidwa ndi kuumitsidwa bwino, theka la kapu limathandiza kuti igwirane. Phala lake liwire nthawi yotalikirapo kuposa la ufa woyera musanayambe kuthira ufa. Amayi, mwana wosakwana zaka 2 musamupatse. Kamimba kake n'kakang'ono, makoko amakadzaza iye asanapeze mphamvu yokwanira, ndipo amalepheretsa thupi kuyamwa bwino ayironi. Kaufa ka mgaiwa kamene katsala kakhale ka phala la mwana, muthiremo nsinjiro. Madeya adye akuluakulu.

A m'matumba a mavenda ndiwo ofunika kuwaunika mofatsa, chifukwa palibe amene angakuuzeni kuti anakonoledwa liti, kuchokera ku chimanga cha yani. Pisani dzanja mpaka pakati pa thumba, osati pamwamba pokha. Mukamva kutentha, ayamba kale kuwola. Finyani m'manja: ouma bwino amamwazika mukatambasula dzanja, achinyontho amatsala ataumbika. Nunkhizani. Fungo la mafuta akale likutanthauza kuti mtima wa njere wavunda, ndipo nsima yake idzawawa. Mabulumwa obiriwira, akuda kapena ofiirira ndi chuku, ndipo apa pasakhale kunenerera mtengo, asiyeni. Chuku china cha m'chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi. Poizoniyu amachuluka m'makoko kuposa mu mphale, ndiye kukonola kumamukankhira m'madeya momwemo, ndipo kuphika sikumuthetsa. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chotere. Mankhwala a anankafumbwe nawonso amakhala pakhungu la njere, choncho funsani ngati chimangacho chinali chothira mankhwala. Mukaona timakoko topakidwa utoto, dziwani kuti munalowa chimanga cha mbewu, chomwe sichidyedwa.

Osesa pansi sitikuwalimbikitsa ngakhale pang'ono. Mumakhala mchenga, zitosi za makoswe, fumbi la nsapato, nthawi zina mafuta a injini. Ogulitsa ena amawasakaniza ndi abwino kuti thumba lilemere. Kuti muwagwire, thirani madeya odzaza dzanja m'galasi la madzi, takasani, dikirani pang'ono, tsanulani za pamwamba, kenako kandani pansi ndi supuni. Mchenga umalira.

Chinyengo chotere sichinayambe pachigayo cha kwathu kuno. M'matauni a mafakitale a ku England m'zaka za m'ma 1800, anthu anasiya minda n'kukhala odalira malipiro, monga ambiri aku Moatize lero. Friedrich Engels, mlembi wa ku Germany amene anakhala ku Manchester, analemba mu 1845 kuti antchito ankalandira ndalama Loweruka madzulo, pofika kumsika n'kupeza zabwino zitatha kale. Ankagula masamba ofota, mbatatesi zoipa ndi nyama yoti yayamba kununkha, ndipo osaukitsitsa ankadya makoko a mbatatesi ndi zotaya za kumsika. Ku London ana ankatola malasha, zitsulo ndi mafupa m'matope a mtsinje wa Thames kuti agulitse apeze buledi, ndipo buledi yemweyo ophika ena ankamuthira mchere wa alum kuti ufa woipa uoneke woyera. Ku Bradford mu 1858, wopanga maswiti amene ankachulukitsa shuga ndi ufa wa mwala anapatsidwa poizoni wa arsenic molakwitsa. Anthu pafupifupi 20 anamwalira, oposa 200 anadwala. Lamulo loyamba loletsa kusakaniza zonyansa m'zakudya za mtundu uliwonse linabwera kumeneko mu 1860. N'zowawa kuti wogula pang'onopang'ono, madzulo, ndi ndalama ya ganyu wa tsikulo, ndiye amene amapatsidwa zotsalira mpaka pano.

Chimene antchito a ku Rochdale, ku England komweko, anachita mu 1844 n'chotheka ngakhale ku Furancungo. Anthu 28 anasonkha ndalama n'kutsegula kasitolo kogulitsa ufa, shuga, batala ndi zina zochepa, lonjezo lawo likhale katundu wosasakaniza ndi sikelo yosabera. Pa nkhani ya madeya, mabanja anayi kapena asanu angathe kusonkha meticais zawo, kugwirizana ndi mwini chigayo mmodzi, n'kutuma munthu m'mawa ndi thumba loyera kuti akatchere pakamwa pa makina. Kupita m'mawa n'kofunika chifukwa oweta nkhumba ndi ophika kachasu amafunanso madeya omwewo, ndipo amagula ochuluka. Wotumidwayo aone chimanga chisanalowe m'makina: chikakhala chofumbwa, chowola kunsonga kapena chonunkha nkhungu, adikire cha munthu wina.

Musagule ambiri poganiza zosunga mpaka kukolola. Ngakhale owuma bwino, mafuta a mumtima wa njere amavunda pakapita masabata ochepa, makamaka kumalo otentha ngati Moatize ndi mzinda wa Tete. Kumtunda kozizira ngati ku Tsangano amakhalitsako, koma chinyontho cha mvula chimawapeza. Gulani okwanira sabata imodzi kapena ziwiri, sungani m'thumba lopita mphepo, pathandala osati pansi, kutali ndi khoma, ndipo muziwatulutsa padzuwa pakapita masiku atatu alionse.