Kamafuna kuona thambo: ndemanga yanga patatha chaka ndi miyezi iwiri

Ntchito yanga ndi yoyenda m'nkhalango ndi m'mapiri, kuwerenga mitengo ndi kuyeza malire, ndipo malo ambiri amene ndimagona netiweki ya foni imakhala itatsala kutali. Kachipangizo kotumiza mauthenga kudzera pa setilaiti ndinakagula chifukwa cha mayi a kunyumba, amene ankagona mtima uli m'mwamba ndikatha masiku anayi osamveka. Ndayenda nako chaka ndi miyezi iwiri. Ndikukapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo kumene kwapita yachisanuyo ndikufotokozerani.

Kukula kwake nkosapitirira chikhatho. Kali ndi kanyanga kakafupi pamwamba kamene ndi eriyo, kasikirini kakang'ono, ndi batani la SOS, loitanira thandizo pa ngozi, lobisika pansi pa kachivindikiro. Pa bokosi analemba IPX7, kutanthauza kuti kakhoza kukhala m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Sindinakamizepo dala, koma mvula yakavumba kambirimbiri kali pa lamba wa chikwama ndipo kakugwirabe ntchito bwinobwino.

Tsiku loyamba ndinalembetsa pa intaneti, nkusankha zolipira pamwezi, nkukayatsa ndili m'nyumba pafupi ndi windo. Theka la ola linatha kakungolemba kuti kakudikira. Nditatuluka nako nkukaika pabwalo poyera, eriyo italoza kumwamba, mkati mwa mphindi 15 zonse zinatheka. Denga la malata ndi khoma zimatchinga, ngakhale windo litakula bwanji.

Chimene ndinachedwa kumvetsa, ndipo kabuku ka m'bokosi sikachifotokoza bwino, nchakuti kachipangizoka kamagwira ntchito ziwiri ndi magulu awiri osiyana a masetilaiti. Kuti kadziwe pamene muli kamamvetsera masetilaiti a GPS, amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo kamafunika kumva osachepera anayi. Kwa amenewa sikatumiza kanthu, kamangomvetsera basi. Uthenga wanu umadzera kwa masetilaiti ena oyenda m'munsi. A kampani ya Iridium, mwachitsanzo, alipo 66 ogwira ntchito, ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 780, ndipo amazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 100. Ndiye kuti iliyonse imatulukira mbali ina ya thambo nkukalowa mbali inayo m'mphindi ngati 10 zokha. Zipangizo zina zimadalira Globalstar, amene masetilaiti ake ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 ndipo amafuna siteshoni ya pansi kuti apereke uthenga, choncho safika paliponse. Musanagule, onani mapu a kumene netiweki ya chipangizocho imafika. Mfundo yaikulu ndi iyi: kakhoza kudziwa bwinobwino pamene mwaima, koma uthenga osachoka.

Izi ndinadzionera ndekha pa ulendo wachitatu. Tinatsikira m'chigwembe chakuya, uku thanthwe uku thanthwe, pamwamba mitengo itakumana, masamba akudonthabe mvula ya masana. Dzuwa litapendeka tinamanga tenti m'mbali mwa kamtsinje. Ndinalemba kuti, "Tafika bwino, tigona pano," nkudina. Kamuvi kosonyeza kuti uthenga ukupita kanayamba kuzungulira, ndipo pamene ndimamaliza kukhoma zikhomo za tenti kanali kakuzungulirabe. Manambala a malo anali pa sikirini, olondola ndithu. Ndinazimitsa nkuyatsanso, osathandiza. Ndinakakweza m'mwamba ndi dzanja ndikuyendayenda ngati mmene timasakira netiweki ya foni, osathandiza. Nditayang'ana kumwamba ndinaona kuti thambo lonse limene linkaoneka linali kamzere kopyapyala pakati pa masamba. Ndinatenga tochi nkukwera mtunda mphindi ngati 20 mpaka pa thanthwe lopanda mtengo. Ndinakaimika pakati pa miyala iwiri, eriyo ili chilili, ine nkusunthira pambali kuti thupi langa lisatchinge. Sipanathe mphindi zitatu kanalira kuti tswii, ndipo nthawi yomweyo munalowa mauthenga anayi. Womaliza unali wakuti, "Bambo ake, kadontho kanu pa mapu kaima malo amodzi kuyambira 1 koloko. Mwavulala? Ndiyankheni chonde."

Kadonthoko, kamene kamasonyeza a kunyumba pa mapu malo amene kachipangizo kamatumiza ndikamayenda, kanaima pamene tinayambira kutsika. Kwa maola asanu mayi a kunyumba ankayang'ana munthu amene sakusuntha m'mphepete mwa phompho, ndipo anali atayamba kale kuimbira anzanga a kuntchito. Zinandipweteka mtima kwambiri, chifukwa ndinakagula kuti mitima ikhale pansi, koma tsiku limenelo kanawaopseza kuposa mmene akanaopera ndikanakhala wopanda kanthu. Nditabwerera tinakhala pansi nkugwirizana. Kadontho kakaima, ndiye kuti ndili pansi pa mitengo kapena m'chigwa. Ngati sindinamveke usiku, adikire mpaka 10 koloko mmawa wotsatira asanadziwitse aliyense. Ndikaona kuti ndikulowa malo otsekeka, ndimatumiza uthenga ndidakali pamtunda. Pangano limeneli ndi limene lathandiza kuposa china chilichonse chimene ndinasintha m'kachipangizomo, ndipo ndikupempha aliyense wogula kuti akambirane ndi a kunyumba asananyamuke.

Palinso zing'onozing'ono zimene zimasokoneza anthu olandira. Uthenga wochokera ku kanga umafika pa foni ndi nambala yachilendo. Achimwene anga anaufufuta woyamba poganiza kuti ndi akuba a pafoni aja. Tsopano aliyense amene ndingadzamulembere ndili kutchire ndimamutumizira uthenga woyeserera ndidakali kunyumba, nkumuuza kuti ayankhe pa uthenga womwewo. Manambala muwasunge ndi chizindikiro cha + ndi nambala ya dziko, apo ayi uthenga sufika. Uthenga umodzi umalola zilembo 160, zokwanira kunena kumene muli ndi mmene mulili. Mayankho nawo salowa pompopompo nthawi zonse. Kamamvetsera kwa kanthawi mukangotumiza, kenako kamafufuza mwa apo ndi apo pofuna kusunga batire. Ngati mukudikira yankho lofunika, pali polowa kuti kafufuze nthawi yomweyo.

Batire limatengera kumene muli. Pamalo oyera, kakamatumiza malo anga mphindi 10 zilizonse, ndimatha sabata yonse osatchaja. M'nkhalango yowirira linatha masiku atatu, chifukwa uthenga ukakanika kamangoyesabe, ndipo kuyesa kulikonse kumadya moto. Ndikalowa malo otero ndimasintha kuti kazitumiza pa mphindi 30. Kuzizira nakonso kumafooketsa batire, choncho usiku wozizira ndimagona nako m'thumba la malaya. Power bank sindiisiya.

Kakakhala kozimitsa kwa milungu, kapena mukayenda nako ulendo wautali kali kozimitsa, kamachedwa kupeza malo koyamba. Si kuwonongeka ayi. Kamafunika kulandira kaye zatsopano za mmene masetilaiti akuyendera, ndipo uthenga wonse umene setilaiti ya GPS imaulutsa umatenga mphindi 12 ndi theka kuti uthe. Ine ndimakaika pamwamba pa galimoto pamene ndikumanga katundu, pomanyamuka kamakhala katakonzeka.

Kulemba ndi timabatani take nkotopetsa, ndiye ndimalumikiza ndi foni pa Bluetooth nkumalembera mu apu. Apa mpamene ndinakumana ndi vuto lenileni la kachipangizo. Nditaikamo pulogalamu yatsopano imene opanga anatulutsa, foni ndi kachipangizo zinasiya kuonana. Chimene chinathandiza ndi kufufuta kulumikizanako mbali zonse ziwiri, pa foni ndi pa kachipangizo, kuzimitsa zonse, kenako kulumikizanso kuchokera mkati mwa apu. Kamodzi kanaumanso gwa, mabatani osayankha, ndipo ndinagwirira batani loyatsira kwa nthawi yaitali mpaka kanazima nkuyambanso. Kuyambira pamenepo zosintha pulogalamu ndimachita kukadali sabata, osati usiku woti mawa ulendo.

Batani la SOS sindinalidinepo, ndipo ndikupemphera ndisadzalidine. Likadinidwa, uthenga umapita ku malo olandira za ngozi amene amagwira ntchito usana ndi usiku, iwo nkudziwitsa opulumutsa a dera limene muli. Kufulumira kwa thandizo kumatengera opulumutsa a kumeneko, choncho mankhwala ndi zomangira mabala muzinyamulabe. Ubwino wake ngwakuti mumatha kulemberana nawo nkuwauza kuti wavulala ndani ndipo wavulala motani. Pali zipangizo zina zotchedwa PLB zimene zimatumiza chizindikiro cha ngozi kudzera ku netiweki ya masetilaiti yotchedwa Cospas-Sarsat, imene inayamba kupulumutsa anthu mu 1982. Zimenezo sizifuna zolipira pamwezi, koma simungalembe nazo "tafika bwino". Amene akufuna za ngozi zokha aziganizire zimenezo. Ndipo ngati mukuwoloka nako malire, funsani kaye malamulo a kumeneko. Ku India, mwachitsanzo, alendo akhala akugwidwa pa mabwalo a ndege chifukwa chonyamula zipangizo zotere popanda chilolezo.

Nyenyezi yachisanu yapita pa nkhani ya kulembetsa. Ngati simunalipire kapena mwaimitsa akaunti, palibe chimene chimachoka, ngakhale SOS imene. Ndinaimitsa yanga miyezi iwiri imene sindinkayenda. Nditaitsegulanso pa intaneti, tsamba linasonyeza kuti zonse zili bwino, koma kachipangizo kanali kasanalandire uthenga woti akaunti yatsegulidwa chifukwa kanali m'kabati. Mwamwayi ndinatumiza uthenga woyeserera pabwalo mmawa wonyamuka, ndipo mpamene ndinaona kuti sukupita. Ndinadikira panja mpaka kanalandira. Munthu wina akanakhoza kulowa m'phiri ndi kachipangizo koyaka bwino, batire lodzaza, mapu akuoneka, osadziwa kuti batani lake la SOS ndi lakufa. Ndinalembera opanga kuwapempha kuti pa sikirini yoyamba pazioneka poyera, mawu akuluakulu, ngati akaunti ili yamoyo kapena ayi. Anandiyankha patatha masiku anayi kuti pempho langa alilandira. Pulogalamu yatsopano yatuluka kawiri chilembereni, ndipo pa sikirini ya kanga mawuwo sanaonekebe.