Muyezo wa wonga: buku, webusaiti ya kampani kapena pulogalamu ya pa kompyuta?

Wodzaza yekha zipolopolo za mfuti ya m'manja sachedwa kuphunzira kukoka chogwirira cha makina odzazira. Chovuta n'chakuti nambala ya kuchuluka kwa wonga wothira aitenga kuti. Wonga amaupima m'ma grain, ndipo galamu imodzi muli ma grain 15.4, choncho kuphonya pang'ono pa sikelo si nkhani yamasewera.

Ine ndimayamba ndi mawebusaiti a makampani opanga wonga, monga Hodgdon, Alliant ndi Vihtavuori ya ku Finland. N'zaulere, ndipo manambala awo amachokera ku mipope yoyesera yomwe imapima mphamvu ya kuphulika, motsatira malire a bungwe la SAAMI ku America kapena CIP ku Ulaya. Ubwino wawo waukulu ndi wakuti akapeza vuto amasintha msanga. Mu 2008 Alliant inachenjeza anthu kuti asagwiritse ntchito wonga wa Blue Dot mu zipolopolo za mtundu wa .41 Magnum, komanso mu .357 Magnum pa chipolopolo cha ma grain 125. Amene anali ndi buku lakale pashelefu sakanadziwa. Koma musayembekezere kuti akuphunzitsani ntchito. Amakupatsani tebulo la manambala basi, komanso la wonga wawo wokha.

Buku losindikiza ndiye mphunzitsi. Masamba oyambirira, amene ambiri amawadumpha, ndi amene amalongosola chifukwa chake kukankhira chipolopolo mkati kwambiri mwa kesi (kachibekete kachitsulo kosunga wonga) kumakweza mphamvu, makamaka mu kesi yaing'ono ngati ya 9mm, yomwe malire ake ndi 35,000 psi (muyezo wa mphamvu ya kuphulika). Mabuku a Hornady ndi Speer amayesa zipolopolo za makampani awo, ndiye amathandiza ngati ndi zomwezo muli nazo patebulo. La Lyman ndimalikonda chifukwa limasakaniza wonga ndi zipolopolo za makampani osiyanasiyana, kuphatikizapo zamtovu zosungunula. Vuto la buku n'lakuti limakalamba osakuuzani.

Nanga buku ndi webusaiti zikasemphana? Zimachitika kawirikawiri, ndipo sikuti wina wanama. Yang'anani pamwamba pa tebulo la manambala: mtundu wa kesi, primer (kachinthu koyatsa wonga), kapangidwe ka chipolopolo, utali wake chikamalizidwa. Zipolopolo ziwiri zolemera mofanana zimatha kusiyana utali, china n'kudya malo ambiri m'kesi. Zikatero yambirani pa muyezo woyambira wa tebulo lotsika, muzikwera pang'onopang'ono, osadutsa malire. Musatsikenso pansi pa muyezo woyambira poganiza kuti ndiko kusamala. Wonga ngati H110 sufuna kuchepetsedwa, ndipo wonga ukachepa chipolopolo chimatha kutsakamira mu mpope, chotsatira chake n'kudzachigunda.

Pulogalamu ngati QuickLOAD ndi nkhani ina. Siyesa kanthu, imangowerengera masamu, ndipo pa makesi owongoka a mfuti za m'manja imatha kusokera. Ndi yabwino pofuna kumvetsa zomwe zimachitika mukasintha chinthu chimodzi, koma sindingatengepo muyezo.

Kwatsala za "mnzanga amathira chonchi" ndi zolemba za anthu pa intaneti. Apa sindichedwapo. Simudziwa mfuti yake, sikelo yake, kapena ngati chala chinaterereka polemba. Ena amafupikitsanso mayina, pamene Clays, International ndi Universal za Hodgdon ndi mitundu itatu yosiyana, ngakhale zonse zinkatchedwa ndi dzina la Clays. Nambala ikakukopani, kaifufuzeni ku kampani. Ikasowa kumeneko, isiyeni.

Pali ngozi imodzi imene tebulo lililonse silingakutetezeni nayo. Kesi ya .38 Special ndi yaitali, ndipo wonga woyaka msanga ngati Bullseye umangokhala kadontho pansi, moti mutha kuthira kawiri osasefukira. N'chifukwa chake ndimafoletsa makesi onse pathabwa, n'kuwalitsa tochi mu iliyonse ndisanaike chipolopolo, ndipo patebulo pamakhala botolo limodzi lokha la wonga.