Chipinda cha odwala maganizo pachipatala chathu: chimatigwira bwanji m'nyengo ya festa

Amene muli ndi wodwala matenda ovutika maganizo pakhomo, makamaka uja wamwa mankhwala awa ndi awo koma osaoneka kusintha, ndikuuzeni za chipinda chimene amaonera odwala otere pachipatala cha boma chimene timapitako kuno ku Angónia. Ndisakunamizeni, amuna anga sanachire. Akudwalabe. Komabe chipindachi ndikuchiyamikira, ndipo chifukwa chake ndi Disembala. Ndi malo okhawo amene ndinapezako munthu wodziwa kuti mwezi umene wina aliyense amaudikira mwachidwi ndi womwewo umene umagwetsa wodwala wathu.

Amene amationa si dokotala wamkulu wa matenda a maganizo. Oterowo m'Mozambique muno ndi owerengeka, ndipo ambiri ali ku Maputo. Ife tili ndi tekiniko wa psiquiatria, wazaumoyo woona matenda a maganizo, mmodzi mwa aja boma linayamba kuphunzitsa mu 1996, maphunziro a zaka ziwiri ndi theka, kuti kumidzi kusakhale kopanda woonera matendawa. Ali yekha. Pa bicha, pamzere wodikira paja, timakhala limodzi ndi a matenda akugwa, amene ndiwo ochuluka, ndi anyamata amene chamba chinawasokoneza. Ndalama si vuto: kuonana naye ndi metikali 1, mankhwala akakhalapo ku farmasiya ya pachipatala ndi mametikali 5.

Amuna anga ndi kalipentala. Matendawa atawagwira anayamba ndi kusowa tulo, kenako kudya kunachepa, kenako zipangizo zinayamba kuchita dzimbiri m'shedi. Tekiniko anawayambitsa amitriptilina, womwa usiku. Kukamwa kunkauma, kuchimbudzi kunkavuta, m'mawa ankadzuka thupi lili lolemera. Anawonjezera mlingo pang'onopang'ono, tinadikira, koma mtima sunadzuke. Anawasinthira fluoxetina, womwa m'mawa. Tulo tinabwerera pang'ono, basi. Asananene kuti matendawa sakumva mankhwala, anayamba wafufuza zina. Anandifunsa ine padera ngati akumwadi tsiku lililonse, komanso ngati akumwa mowa. Anatituma kukayezetsa magazi, kuona ngati ndi ochepa m'thupi, komanso HIV. Anawakhudza pakhosi poona chithokomiro. Anafunsanso ngati inalipo nthawi imene ankakhala masiku osagona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa, akulankhula kwambiri ndi kumwaza ndalama, chifukwa amenewo ndi matenda ena ndipo mankhwala akenso ndi ena. Zonsezi zitapanda kupezeka, ndi pamene anatiuza kuti wodwala akamwa mitundu iwiri yosiyana, uliwonse pamlingo wokwanira kwa masabata 6 mpaka 8, osapeza bwino, madokotala amati matendawo ndi osamva mankhwala. Anatiuza za kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa STAR*D, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2006: mwa odwala atatu alionse omwa mankhwala oyamba, pafupifupi mmodzi yekha ndiye anachiriratu. Zimenezi ndinazisunga pamtima, ndipo ndimazitulutsa wina akayamba zoti bamboyu ndi waulesi chabe.

Tsopano Disembala. Kwathu ndi kuchikamwini, amuna anga ndiwo anabwera kumudzi kwathu. Miyezi ina yonse matendawa amabisika, chifukwa aliyense ali pa zake. Koma ikafika festa, nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, abale anga amatulukira konsekonse, wina ku Joni, wina ku migodi ya malasha ku Moatize, ena ku Tete, ena kudutsa pa Calómuè kuchokera ku Dedza ndi ku Lilongwe. Pa 25, boma limati ndi Dia da Família, Tsiku la Banja, ndipo banja limadzazadi bwalo. Nthawi yomweyo mvula yagwa, chimanga chikufuna kupalira, feteleza akufunika, ndipo mkamwini ali chigonere m'nyumba dzuwa lili pamutu. Palibe amawanyoza poyera. Amangofunsa. "Alamu, simunachirebe? Si mwamwa mankhwala chaka chonse?" Mlendo aliyense amafunsa funso lomwelo, aliyense mwachikondi, ndipo aliyense amabwera ndi yankho lake. Atsibweni amadziwa sing'anga wina wa ku Macanga. Achemwali ali ndi mneneri wawo. Achimwene a ku Joni amatsegula botolo n'kunena kuti, "Alamu, kamodzi kokha, mumasuke." Kwa munthu amene mankhwala akumukana, funso limeneli amalimva ngati mlandu. Iye amadzifunsa kale lomwelo usiku uliwonse.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chakudya. Ndimaphika mpunga ndi nkhuku, ana avala zovala zatsopano zimene anagula ndi malume awo, osati bambo awo. Ndikawapititsira mbale kuchipinda, amaiyang'ana, n'kuivundikira ndi inzake, n'kuikankhira pansi pa bedi kuti ana asaone kuti sanadye. Ndikawafunsa amati, "Mayi, ine ndikungokudyerani. Apatseni amene agwira ntchito." Anzawo a m'boma alandira décimo terceiro, malipiro owonjezera a kumapeto kwa chaka, anzawo a m'shedi agulitsa mipando ya Khirisimasi, iwo alibe chotulutsa. Panja masipika akulira kuyambira madzulo mpaka tambala, ndipo tulo tija tinavuta kupeza timathera pomwepo. Akasowa tulo masiku awiri otsatizana, ndimaona munthu akubwerera kumene tinachokera.

Apa ndi pamene tekiniko uja anandigwira mtima. Mu Novembala, ife tisanatchule n'komwe za festa, anatifunsa kuti, "Chaka chino akubwera ndani?" Anatikhazika tonse awiri, natembenuza pepala la reseti, lolembapo mankhwala, n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake. Ananena kuti mu Disembala sasintha mankhwala pokhapokha zitavutiratu, chifukwa mwezi wosokonekera chotero sungaonetse ngati atsopanowo akugwira kapena ayi. Anaonetsetsa kuti tili ndi okwanira kudutsa Chaka Chatsopano, pakuti kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, kusakhazikika ndi kubwereranso kwa matenda. Koma anati ndizisunga ine, ndizipereka a tsikulo okha. Mankhwala a m'munda ndi a makoswe anati achoke pakhomo, akatsekeredwe kwina. Tinakawasiya kwa achimwene aakulu, ndipo sindinafunike kufotokoza zambiri.

Kenako anatembenukira kwa amuna anga. "Bambo, alendo mungakhale nawo nthawi yaitali bwanji musanatope?" Iwo anati mwina ola limodzi. "Ndiye ola limodzi lomwelo. Mukapereka moni, mukadya nawo, mukapume. Mayi ndi amene aziyankha mafunso." Anandipatsa mawu oti ndizinena, afupiafupi, kuti ali pa chithandizo cha kuchipatala, matendawa amatenga nthawi, ndipo chimene angatithandize ndi kupalira. Achimwene awiri anapitadi kumunda ndi makasu tsiku lotsatira Khirisimasi. Mphamvu zimene zikanathera pa malangizo zinathera pa mizere.

Za mowa sanazungulire. Anati umagwetsa mtima kwambiri ukatha m'thupi, umaononga tulo, ndipo munthu amene ali ndi maganizo oipa akaledzera sachedwa kuwachita. Za mapemphero sanatsutse. Iyenso ndi wopemphera. Anangoti mapemphero a usiku wonse a pa 31 si a wodwala ameneyu, apite a m'mawa, ndipo aliyense wonena kuti taya mapiritsi posonyeza chikhulupiriro asamvedwe, kaya akhale ndani. Pa masiku aphokoso kwambiri tinagwirizana kuti azikagona kwa agogo kumunsi kwa mudzi, kutali ndi msika. Amayi anga, amene mwa mwambo sakhala pafupi ndi mkamwini wawo, ndi amene anasesa chipindacho ndi kuyala mphasa yatsopano. Anangonena kwa ine kuti, "Uwauze apongozi kuti kumeneko kulibe wowasokoneza."

Pali funso limodzi limene amafunsa ulendo uliwonse, mosapita m'mbali: "Bambo, maganizo ofuna kudzipha akumabwera?" Nditalimva koyamba thupi linachita tsembwe. Kwathu zotere sitizitchula. Iye anandifotokozera kuti kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, kumangompatsa mpata wonena zimene wasenza yekha. Amuna anga anayankha kuti inde, nthawi zina. Ine ndimagona nawo nyumba imodzi, koma zimenezi ndinazimvera m'chipinda chimenecho. Tekiniko anandiphunzitsa kufunsa ndekha kunyumba, ndi zizindikiro zoti ndisazengereze nazo: akayamba kugawa zipangizo zawo, kutsanzika, kapena kuoneka odekha mwadzidzidzi atakhala masiku ovutika. Zikatero, anati, ndisadikire tsiku la kalendala, ndithamangire nawo ku banco de socorros, kolandirira odwala mwadzidzidzi, kumene kumakhala kotsegula usana ndi usiku, ngakhale pa holide.

Chinanso chimene sindinkachidziwa n'chakuti ngozi siithera pa Khirisimasi. Anatiuza kuti kafukufuku amene anatuluka mu 2024 m'magazini ya madokotala ya BMJ, wowerengera za m'mayiko 26, anapeza kuti tsiku la Chaka Chatsopano ndi limodzi mwa masiku amene anthu odzipha amachuluka. Kwa ife zikumveka. Alendo akapita pakhomo pamakhala zii, ndalama zatha, m'nkhokwe mwayamba kuoneka pansi, ana akufuna makope ndi mayunifolomu, ndipo wodwala akuwerenga kuti chaka china chadutsa asanachire. N'chifukwa chake tsiku lobwerera analiika sabata yoyamba ya Januwale, osati kumapeto ngati miyezi ina.

Zoipa zake zilipo, ndipo sizing'onozing'ono. Munthu mmodzi sangakwanire anthu onse aja. Akapita kutchuthi kapena ku maphunziro, mumapatsidwa mankhwala ndi wina amene sadziwa nkhani yanu, ndipo mafunso aja palibe amawafunsa. Tsiku la anthu ambiri mumakhala naye mphindi zochepa, chonsecho wodwala wotere amachedwa kutsegula pakamwa. Benchi yodikirira ili poonekera, aliyense wodutsa amadziwa kuti okhala pamenepo ndi a chiyani, ndipo zenera la chipindacho limakhala lotsegula chifukwa cha kutentha, moti za mumtima zimamveka panja. Amuna anga anakanapo kupita chifukwa choopa kukumana ndi makasitomala awo akale. Katani kokha ndi benchi yakuseri zikanathetsa zimenezi. Mankhwala nthawi zina amatha, makamaka fluoxetina, ndiye mumakagula ku farmasiya za anthu pamtengo wina, m'mwezi umene metikali iliyonse ili ndi pake.

Vuto lalikulu kuposa onse ndi loti mitundu iwiri ija ikakanika, chipindachi chimatsala ndi zochepa m'manja. Tekiniko sabisa. Anatiuza kuti kwina amawonjezera mankhwala ena otchedwa lithium, koma ameneyu amafuna kuyeza magazi pafupipafupi kuti asapitirire mlingo n'kuononga impso. Ku America mu 2019 anavomereza esketamine, wopopera m'mphuno, wa matenda osamva mankhwala omwewa, koma kwa mlimi wa mbatatesi wa ku Angónia imeneyo ndi nkhani yongomva. Chipatala chachikulu cha matenda a maganizo cha Infulene chili ku Maputo, kumalekezero a dziko. Chimene tingafikire ndi mzinda wa Tete, makilomita opitirira 200 pa chapa, minibasi zathu zija, ndipo mu Disembala ma chapa amakweza mtengo ndi kudzaza mpaka pakhomo. Munthu amene ola limodzi la alendo limamutopetsa, taganizani atapanikizika mmenemo kutsetsereka kupita kumoto wa ku Tete. Chithandizo cha kukambirana, chimene amati chimathandiza limodzi ndi mapiritsi, timangochilawa, chifukwa nthawi palibe. Ndikanakonda pakanakhala tsiku limodzi pamwezi loti ife osamala odwala tizikumana patokha. Pa bicha timanong'onezana kale, ndipo ndaphunzira zambiri kwa mayi wina amene mwana wake wamkazi ali ndi matenda omwewa.

Festa yapitayi amuna anga sanasangalale, koma sanagwe ngati kale. Anakhala pabwalo ola lawo lija, anadya pang'ono pamaso pa ana, anakagona kwa agogo. Pa 2 Januwale anali ofooka kwambiri, osafuna kusamba, ndipo tsiku lobwerera lija linatipeza pa nthawi yake.

Ngati wanu ali chonchi, musadikire Disembala. Pitani mu Novembala, mupite naye limodzi, mutenge makhadi onse akale ndi mapaketi a mankhwala amene anamwapo, ngakhale opanda kanthu, kuti aone mitundu yake ndi milingo. Fikani m'mamawa, tsiku losakhala lamsika. Akapanda kufunsa za festa, yambitsani ndinu, ndipo funsani kuti iye akadzachoka adzatsale ndani. Kalata yotitumiza ku Tete ife tapatsidwa kale. Tinagwirizana ndi tekiniko kuti tidikire ma chapa atsike mtengo ndi mbatatesi zikumbidwe, ndipo achimwene aakulu avomera kutiperekeza kuti pampando pakhale wina mbali inayo.