Ulendo woyendera minda ya Abahai ku Haifa

Wopita ku Haifa, m'dziko la Israel, ayenera kupatula m'mawa wathunthu kuti ayendere minda ya Abahai (otsatira chipembedzo cha Bahai) ya pa phiri la Carmel motsogozedwa ndi wofotokozera alendo. Ulendowu ndi waulere, ndipo ine ndinauona kuti ndi wokonzedwa mwaulemu kuposa maulendo ambiri olipiritsa.

Gulu limayambira pamwamba, pa msewu wa Yefe Nof, pomwe maso amatsetsereka ndi magawo 19 a mundawo mpaka kukafika pa msewu wa Ben Gurion ndi padoko la nyanja. Magawowa anawakonza ndi Fariborz Sahba, yemwenso anakonza kachisi wa Abahai wooneka ngati duwa ku New Delhi, ndipo anatsegulidwa mu 2001. Chiwerengero cha 19 chimakumbutsa za Báb, mneneri amene anakonza njira ya chipembedzo cha Abahai, ndi ophunzira ake oyamba 18. Pakati penipeni pali nyumba ya manda a Báb, amene anaphedwa ku Tabriz, m'dziko la Iran, mu 1850 ndipo thupi lake linaikidwa pamalopa mu 1909. Denga lake lozungulira lagolide, lomwe analilinganiza William Sutherland Maxwell wa ku Canada, linamalizidwa mu 1953.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kasanjidwe ka maluwa, chifukwa palibe duwa limene labzalidwa kuti lipikisane ndi nyumbayo. Maluwa ofiira a geranium, kapinga wometedwa bwino, mitengo yaitali ya cypress ndi timadzi toyenda m'mphepete mwa masitepe, zonse zimatsata mzere umodzi umene umabwezera maso ku denga lija, kotero kuti ngakhale utaima kuti usirire duwa limodzi, umapezeka kuti wayang'ananso kumandako. Ukamatalikira mzere wapakati, munda wosalala uja umasiyira malo mitengo ya azitona ndi zomera zopirira chilala, mpaka kusakanikirana ndi thengo la m'phirimo. Nzeru imeneyi ndi yoyenera dziko limene mvula yake imagwa nyengo yozizira yokha.

Pali zofunika kuzidziwa musananyamuke. Masitepe otsika ndi mazanamazana, motero wodwala maondo angachite bwino kuonera pamwamba pokha. Zovala ziyenera kuphimba mapewa ndi maondo, kudya ndi kusuta n'koletsedwa, ndipo kulowa m'nyumba ya manda kuli ndi nthawi yakeyake, komwe munthu amavula nsapato ndi kukhala chete. Malamulowa sanandilemere, popeza malowa ndi opatulika kwa eni ake ngakhale kuti UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2008. Tengani madzi akumwa ndi chipewa, chifukwa dzuwa la pa Carmel limaswa mtengo nthawi isanakwane masana.