Seva yathu ya RAID itakana kulowa: ndemanga yanga pa kashopu ka ku Mayfair

Kwa anzanga amene muli ndi seva yosungira mafayilo kuno ku Joni, makamaka zija za second hand zokhala ndi khadi ya RAID mkati (khadi yophatikiza madisiki angapo kuti azigwira ntchito ngati disiki imodzi), pali kashopu ku Mayfair komwe ndingakutumizeni ndi mtima umodzi tsiku limene makina anu adzakane kulowa. Si kakakulu ayi, kali pamwamba pa shopu ina ya matayala, mumakwera masitepe opanikiza ndipo mukafika mumangoona ma seva ataunjikana mpaka kudenga. Mwini wake ndi bambo wina wa kwathu komwe, wa ku Zomba, ndipo ali ndi anyamata awiri omuthandiza. Zofooka ali nazo, ndizinena, koma pa ntchito yeniyeni ya RAID sindinaonepo munthu wodekha chonchi.

Ife geni yathu ndi yojambula ma vidiyo a maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mipingo ya aMalawi ku Rosettenville, Turffontein, Randburg mpaka ku Tembisa uko. Vidiyo imadya malo koopsa, ndiye tili ndi seva yokhala ndi madisiki awiri ang'onoang'ono pa RAID 1 (iliyonse ndi kopi ya inzake) momwe mumakhala Windows, ndi ena 6 a 4TB pa RAID 5 momwe mumakhala ntchito za makasitomala, kutanthauza malo ogwiritsa ntchito pafupifupi 20TB chifukwa malo a disiki imodzi amapita ku parity, deta yoonjezera yomwe khadi imabwezeretsera zinthu disiki imodzi ikafa. Khadi yake ndi ya banja la LSI MegaRAID. Amene muli ndi Dell dziwani kuti makhadi anu a RAID, aja a PERC, ambiri mkati mwake ndi chip ya LSI yomweyo, ndiye zambiri zomwe ndinene pano zikukukhudzani. Kampani ya LSI inagulidwa ndi Avago mu 2014 ndipo lero zinthu zake zili pa dzina la Broadcom, ndikunena izi chifukwa anthu amasaka firmware ndi ma tool pa dzina lakale mpaka kutopa.

Load shedding ija ya 2023 ya ma Stage 6 inachepa inde, koma kuzima kwa magetsi mu ma area athu sikunathe, waya akabedwa kapena substation ikapsa mumakhala mu mdima basi. Zinatero usiku wina, mabatire a UPS, bokosi lopatsa seva moto magetsi akazima, anali atatopa kale, seva inazima ili mkati molemba. Magetsi atabwera mafani akulira bwinobwino, screen ikuyaka, koma ikafika pa khadi ya RAID ikuima ndi uthenga woti yapeza foreign configuration, udine F kapena C. Ukadumpha pamenepo ikukuuza kuti palibe boot device. Mkatimo munali ukwati wathunthu womwe tinali tisanapereke kwa eni ake.

Chinthu choyamba chimene chinandikhazika mtima pansi ndi mmene bamboyo anayankhira pa foni. Sanathamangire kutchula mtengo kapena kunena kuti zimenezo ndi zazing'ono. Anangoti, "Achimwene, ndiwerengereni zomwe zalembedwa pa screen, liwu ndi liwu." Nditawerenga anati, "Chabwino, musadine F, musadine C, jambulani screen imeneyo ndi foni kenako zimitsani seva. Musasolole disiki iliyonse, ndipo pobwera nayo lembani nambala pa tray iliyonse mmene zakhaliramo." Ndinamufunsa kuti bambo, nanga F uja si ndiye wobwezeretsa zinthu? Anati nthawi zambiri inde, koma tisanadziwe kuti ndi disiki iti imene yasanduka mlendo komanso inasanduka liti, F yemweyo akhoza kukuphani.

Apa ndi pamene ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amataya deta. Khadi ya RAID imalemba mbiri ya array (gulu la madisiki ophatikizidwa aja) pa disiki iliyonse, zoti iwe ndiwe wachingati pa mzere, anzako ndi ati, stripe (zidutswa zomwe deta imagawidwira pa madisiki) ndi yaikulu bwanji. Zomwe zili pa disiki zikasiyana ndi zomwe khadi ikudziwa pa nthawiyo, imaitcha foreign. Import, yomwe ndi F uja, ndiye kuti ukuiuza khadi ikhulupirire zomwe disiki ikunena. Clear ndiye kuti ukufufuta mbiri ija pa disikiyo, ndipo munthu wothamanga akatero amapanga array yatsopano n'kudina Initialize, yomwe imalemba pamwamba pa deta yakale, pamenepo ndiye nkhani imakhala yavuta zenizeni. Mnzanga wina amene amakonza ma laptop anali atandiuza kale kuti ndingopanga clear ndi kuyambiranso, ndipo amanena ndi mtima wabwino, kungoti ma laptop ndi ma seva ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Titafikitsa makina, sanakhudze array konse mpaka atatulutsa log ya khadi, kaundula wa zonse zomwe zakhala zikuchitika. Anayatsa seva ndi Linux ya pa flash, n'kugwiritsa ntchito storcli, pulogalamu yolankhulira ndi khadiyi, kukoka ma event onse, ndipo anandiitana kuti ndione ndekha pa screen. Zomwe zinapezeka ndi zoti disiki ya pa slot 4 inagwa miyezi ingapo m'mbuyomo, array yakhala ikuyenda degraded, kutanthauza yoperewera disiki imodzi, nthawi yonseyi, nyali ya orenji ikuyaka mu kabati momwe munthu sayang'anamo. Usiku wa magetsi uja ndi pamene disiki yachiwiri, ya pa slot 6, inagwa. RAID 5 imapirira disiki imodzi yokha, ziwiri zikachoka array imapita offline. Vuto ndi loti zonse ziwiri zimaoneka zamoyo titayatsanso, zikuzungulira bwinobwino. Koma ya pa slot 4 ija deta yake ndi yakale, zonse zomwe tinalemba miyezi yonseyi mulibemo, ndiye ukaikakamiza kubwerera online khadi imasakaniza zakale ndi zatsopano, mafoda amaoneka alipo koma ma vidiyo akukana kutseguka kapena akuduka pakati. Yoyenera kubwerera inali ya pa slot 6 yokha, imene inagwa pomalizira. Popanda log ija munthu ukanangolota.

Ngakhale atadziwa zimenezi sanathamange. Anachotsa madisiki awiri aja, kuwalumikiza pa makina ena okhala ndi HBA, khadi wamba yolumikizira madisiki yopanda RAID, n'kuwakopa sector ndi sector (kachigawo ndi kachigawo) ndi pulogalamu ya ddrescue kupita pa madisiki ake a mu shopu, kuti china chikalakwika pakhale pobwerera. Ntchito imeneyi ndi imene inatenga nthawi yaitali ndipo ine mtima unali m'mwamba poganiza za kasitomala, koma ndikuvomereza kuti ndi njira yolondola. Atamaliza ndi pamene anabweza ya pa slot 6 yokha, anayamba waona preview ya foreign config kuti ikuonetsa array yomwe tikuidziwa, madisiki ake ndi kukula kwake, kenako import. Array inabwera degraded koma yowerengeka.

Chifukwa chomwe madisiki amagwera anachipezanso. Seva tinaigula ili kale ndi madisiki a desktop wamba. Disiki ya desktop ikakumana ndi sector yovuta imalimbana nayo nthawi yaitali, pomwe khadi ya RAID siidikira, ikaona kuti disiki yakhala chete imangoichotsa pa mzere. Madisiki a ma seva ndi a NAS (mabokosi osungira mafayilo pa netiweki) amakhala ndi malire, kawirikawiri masekondi 7, akalephera amauza khadi kuti itenge deta ku parity n'kupitiriza. Anandionetsa SMART, lipoti la thanzi la disiki iliyonse, kudzera mu pulogalamu ya smartctl, ya pa slot 4 inali ndi ma pending sector (okana kuwerengeka) ambiri, ya pa slot 6 ochepa.

Kenako nkhani ya batire la khadi. Takhala tikudandaula kuti seva ikuchedwa kukopa mafayilo, kumaganiza kuti ndi switch kapena mawaya a netiweki. Zoona zake batire la pa khadi linali litafa, ndipo khadi ikaona kuti batire palibe imachoka yokha pa write-back, pomwe imayamba yasunga deta mu cache (memory ya khadi) isanafike pa disiki, n'kupita pa write-through, kutanthauza kuti siisunga kanthu mu cache, imadikira disiki ilembe kaye. Zimachedwa koma ndi zomwe zinatipulumutsa usiku uja chifukwa munalibe deta yolendewera mu memory ya khadi. Bamboyo anati amakumana ndi ma seva omwe wina anakakamiza write-back ngakhale batire litafa pofuna liwiro, magetsi akazima file system imawonongeka. Anatchulanso uthenga wina umene umaimitsa boot, wa preserved cache (deta yotsalira mu memory ya khadi isanalembedwe pa disiki), kuti ukauona usathamangire discard, uyambe wabweza madisiki osowawo kuti cache ilembedwe pamalo pake. Makhadi atsopano amagwiritsa ntchito supercapacitor ndi flash m'malo mwa batire la lithium, ku LSI amaitcha CacheVault, ndipo anati ndikadzasintha khadi ndidzayang'ane yoteroyo.

Koma array itabwera seva imakanabe kulowa mu Windows, ndipo apa ndi pomwe ndinaona kuti munthuyu amasiyanitsa mavuto. Windows ili pa RAID 1 ija, yomwe inalibe vuto lililonse. Analowa mu setup ya board n'kundionetsa deti, inali itabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa board kanali katatha, ndiye magetsi atazima nthawi yaitali ma setting onse anabwerera ku default, boot mode, njira yoyambitsira Windows, inachoka pa UEFI (yatsopano) kupita pa legacy (yakale). Windows yathu inaikidwa pa UEFI, ndiye pa legacy board siimaona poyambira. Anasintha kabatire, kubweza UEFI, kuonetsetsa kuti pa khadi virtual drive yosankhidwa ngati ya boot ndi ya RAID 1 ija osati ya ma vidiyo, basi Windows inalowa. Kabatire ka ndalama zochepa kwambiri, koma munthu wosadziwa akanayamba kuika Windows yatsopano kapena kunena kuti khadi yapsa tigule ina.

China chimene ndinachikonda, anakana kuyamba rebuild, yomwe ndi kudzaza disiki yatsopano m'malo mwa yakufa ija, tisanakope deta yonse kupita kwina. Anandifotokozera kuti rebuild ya RAID 5 imawerenga madisiki onse otsala kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kwa ife ndi 20TB, pomwe madisiki ambiri a desktop amalembedwa kuti akhoza kulephera kuwerenga bit imodzi pa ma bit 10^14, zomwe ndi pafupifupi 12.5TB. Sikuti zimachitika nthawi zonse, koma ndi madisiki otopa kale komanso ya pa slot 6 yokayikitsa ija, sunali mwayi woti tiuyese. Tinayamba ndi ukwati uja, kenako zina zonse.

Tsopano zofooka. Pa WhatsApp amachedwa kuyankha kwambiri, umatumiza uthenga m'mawa kuyankhidwa madzulo, ndipo pamene deta ya kasitomala ili pa chiswe kukhala chete kumeneko kumapweteka. Ndinachita kumaimba foni kapena kupita ndekha. Chachiwiri, samabwera kudzatenga makina, unyamule wekha, ndipo seva yodzadza madisiki ndi yolemera zedi, pa tekisi siingatheke, masitepe aja muyenera kukhala awiri. Poimika galimoto napo ndi povuta masana. Chachitatu, lipoti lolemba la zomwe anapeza ndi zomwe anasintha anandipatsa nditachita kupempha, pomwe kwa ine limayenera kubwera limodzi ndi invoice, chifukwa mawa ukapita kwa tekinishani wina amafuna kudziwa zomwe zinachitika. Pa mtengo sindidandaula, amalipiritsa ya kuyeza kaye ndipo ukavomera kuti apitirize amaichotsera pa bilu yonse, ndipo anandiuza mtengo asanayambe kukopa madisiki, panalibe zodzidzimutsa pamapeto. Sanayesenso kundigulitsa seva ina ngakhale anali nazo zambiri pamenepo.

Amanenanso poyera zomwe sangathe. Disiki ikakhala kuti ikugogoda mkati kapena siikuzungulira, iwo satsegula, amakutumizani ku ma kampani a data recovery okhala ndi chipinda chapadera chopanda fumbi, ndipo amakuchenjezani kuti kumeneko ndi ndalama zambiri. Amene mukufuna kuika pulogalamu ya TrueNAS kapena china chilichonse cha ZFS (file system yomwe imadzipangira yokha ntchito ya RAID), adzakuuzani kuti khadi ya RAID si yoyenera, pamafunika HBA ya IT mode kuti ZFS iziona madisiki mwachindunji.

Pano seva inamangidwanso pa RAID 6 ndi madisiki a NAS, malo atsika kufika 16TB koma ikhoza kupirira madisiki awiri. Batire la khadi ndi latsopano, patrol read ndi consistency check, zomwe ndi njira za khadi zoyezera madisiki ndi deta, anaziika pa ndandanda, ndipo disiki ikagwa imelo imabwera pa foni yanga. Ntchito iliyonse yomwe sitinapereke imakhalanso pa disiki ina yakunja yomwe imagona kunyumba, chifukwa bamboyo anakana kundipatsa makina ndisanamuonetse komwe kopi yachiwiri izikhala. Mukamapita kumeneko tengani chithunzi cha uthenga wa pa screen, password ya admin, madisiki ali m'malo mwake momwemo, ndi disiki yakunja yokwanira deta yanu yofunika kwambiri, chifukwa ya mu shopu amabwereketsa kwa masiku ochepa okha.