Ndowa ya mpopi ndi yofunika kwa odikirira odwala, koma muiyese musanalipire

Ndowa yapulasitiki ya malita 20, yokhala ndi chivundikiro ndi kampopi m'munsi mwake, imapezeka m'masitolo ambiri pa boma la Mangochi, ndipo ndikuiyamikira kwa aliyense amene akudikirira m'bale wake wogonekedwa m'chipatala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti m'mayiko osauka ndi amene akutukuka kumene, odwala 15 mwa 100 alionse ogonekedwa amatengera komweko matenda amene sanabwere nawo, ndipo tizilombo tambiri timafika pa wodwala kudzera m'manja mwa omusamalira.

Ubwino wa ndowayi ndi wakuti madzi amene mwasamba amagwera m'beseni ndipo wina sawagwiritsanso ntchito. Chizolowezi chopisa manja tonse m'beseni limodzi nsima ikafika n'choopsa kwambiri pafupi ndi munthu amene ali ndi bala la opareshoni kapena kanyula wa diripi padzanja, ndipo ife amene tinaona mmene kolera anatisautsira kuno m'mbali mwa nyanja mu 2022 ndi 2023 sitiyenera kuchipeputsa. Sanitaiza ali ndi ntchito yake, koma sakwanira manja akadetsedwa moonekeratu, monga mukatha kusintha thewera kapena kupukuta masanzi. Pamenepo pamafunika sopo ndi madzi oyenda kwa masekondi 40 mpaka 60.

Chofooka chake chili pa kampopi. Ndowa imene ndinagula inayamba kudontha pomwe pali kamphira kotsekera, moti pansi pankakhala chinyezi mpaka titamangitsanso, choncho pemphani wogulitsa athiremo madzi inu mukuona musanapereke ndalama. Chogwirira cha kampopiko chimatsegulidwa ndi manja akuda, ndiye muzichipaka thovu la sopo ndi kuchitsuka musanatseke. Chifukwa cha kutentha kwa kuno, madzi asamagonere masiku angapo. Muzitsuka ndowayo tsiku lililonse, muzithira klorini kapena WaterGuard motsatira muyezo wolembedwa pabotolo, kenako mudikire mphindi 30.

Malo m'wodi amakhala ochepa, kotero ndi bwino kuyamba mwafunsa anamwino pomwe ndowayo ingakhale ndiponso komwe mungamataye madzi a m'beseni. Obwera kudzazonda, ngakhale atakhala akuluakulu a kubanja kapena a kumpingo, muziwapempha mwaulemu kuti asambe m'manja asanapatse wodwala moni.