Garden In A Box: bokosi la mbande zosamwa madzi ambiri ku Colorado

Mzinda wa Denver, ku Colorado m'dziko la America, uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mvula ndi chipale chofewa zikaphatikizidwa, pachaka zimangofika mamilimita pafupifupi 400. Ngakhale zili choncho, makomo ambiri ali ndi kapinga wa Kentucky bluegrass, yemwe amamwa madzi kwambiri, moti pafupifupi theka la madzi a pakhomo limathera panja. Kumeneko ndi kumene bungwe logawa madzi la Denver Water linayambitsa mawu akuti xeriscape mu 1981, otanthauza kukongoletsa pakhomo ndi zomera zosamwa madzi ambiri.

Garden In A Box ndi bokosi la mbande lomwe limagulitsidwa ndi Resource Central, bungwe la mumzinda wa Boulder, ku Colorado komweko, lomwe cholinga chake si kupeza phindu. Muli zomera zokhalitsa zaka zambiri, monga penstemon ndi yarrow, pamodzi ndi mapu osonyeza pamene mbande iliyonse iyenera kudzalidwa. Kwa ine, mapuwo ndiwo chinthu chamtengo wapatali m'bokosimo, chifukwa munthu amene sanadzalepo maluwa m'dera louma salephera posankha mbewu pokha, koma amalepheranso potalikitsa mbande, amadzala zazitali kutsogolo kwa zazifupi, ndiponso amasakaniza zokonda dzuwa ndi zokonda mthunzi. Akatswiri anathetsa kale zonsezi papepala. Mabungwe ena ogawa madzi amatsitsirako makasitomala awo mtengo, zomwe n'zoyamikirika.

Wogula asayembekezere kuti bilu ya madzi itsika mwezi womwewo. Mbande zimabwera zing'onozing'ono, ndipo chaka choyamba, nthawi zina ndi chachiwiri chomwe, zimafuna kuthiriridwa mosadumphitsa mpaka mizu italowa pansi. Amene amamva zoti n'zopirira chilala n'kuzileka pa dzuwa la mwezi wa July, womwe kumeneko ndi wotentha kwambiri, amazipha. Ntchito yozula kapinga, yofewetsa dothi lamakande ndi yophimbira nthaka ndi timiyala kapena makungwa siili m'bokosimo, ndipo ndi yolemetsa kuposa kudzala kwenikweniko.

Palinso mfundo ina yofunika kwa amene akufuna zomera zachilengedwe za ku Colorado zokhazokha, zomwe njuchi ndi agulugufe a kumeneko anazizolowera: mabokosi ena amasakaniza zomera zochokera kumayiko ena zomwe zimangopirira nyengo youma. Ndi bwino kuwerenga mayina a zomera zonse musanalipire, komanso kuitanitsa msanga, poti mabokosi otchuka amatha nyengo yodzala isanafike.